Alamu Anga a Sindizula ndi Dzino la Mng'ono Wawo

Pa maliro a alamu anga a Zuze, munthu wina wa ku tchalitchi anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali wofatsa, wosadziwa kukangana ndi munthu. Ndinayang'ana pansi kuti anthu asaone nkhope yanga. Wofatsa ndani? Kapena tinkaika munthu wina? Chaka chakwana tsopano chiwaikireni m'manda, koma bodza lija likundiwawabe. Tsono ndinene ine mlamu wawo, wogulitsa nsomba pa Ngabu, amene ndinakangana nawo kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa pakhomo pawo. A Zuze anali munthu wamakani, wouma ngati chitsa cha tsanya, ndipo makani awowo ndi amene anasiya mano mkamwa mwa anthu ambiri kuno ku Chigwa. Limodzi mwa manowo lili mkamwa mwa amuna anga a Tomasi, mng'ono wawo, ndipo nkhani ya dzino limenelo sinathe mpaka lero.

Ntchito yawo inali ya mano, pa chipatala china cha kuno kwathu. Dzina loti Zuze tinkalitchula ndife achibale okha. Pa Ngabu, kwa Ndamera, ngakhale kutsidya kwa Mlolo, ukafunsa za a Sindizula aliyense ankakulozera. Dzinali silinali lowatama ayi, linali lowanyoza. Kwathu kuno munthu akati akupita kwa dokotala wa mano ndiye kuti akukazulitsa, palibenso china. Akazulitsa, dzinolo amalikulunga m'kathonje n'kubwera nalo kunyumba kuti onse aone pamene kachilombo kanadya. Ukabwerera chimanjamanja amakufunsa kuti, "Nanga dzinolo lili kuti?" Ukati likadali mkamwa, ndiye kuti wangotaya tsiku, sunathandizidwe. Choipitsitsa ndiye kumata. Timakhulupirira kuti ukamata dzino wakatsekera kachilomboko mkati, ndipo kayamba kudya cholowera kumutu. Tsono taganizani munthu wapalasa njinga pa dzuwa la kuno tsaya litatupa, n'kukapeza dokotala womuuza kuti dzinoli tilisunga.

Musandimve molakwa, kuzula ankazula. Dzino likaoleratu n'kutsala chitsa, kapena likang'ambika mpaka ku muzu, ankalichotsa bwinobwino, koma madzulo ake sunkafuna kukumana nawo. Ankati kuzula n'kuvomereza kuti wafika mochedwa. Mkamwa mwa eni akewo munali magweru. Ali mwana, munthu wina woyenda ndi chozulira m'misika anawachotsa mano angapo tsiku limodzi, pamene lowawa linali limodzi lokha. Ine pamenepo ndi pamene ndinkawagwirira.

"Alamu, dokotala wa mano wopanda mano? Ndiye ngati ine wogulitsa nsomba ndizidyera mchere."

"Inu mlamu, pitirizani kutsegula mabotolo ndi mano," ankatero. "Ndikukudikirani, ndipo inu nokha ndidzakuzulani ndikuimba."

Sanandizule. Ndinasiya kutsegula mabotolo ndi mano, koma sindinawauze.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndinakaona ndi maso anga, chifukwa ndikawapititsira nsomba za makakana sindinkatuluka msanga, ndine munthu wachidwi. Akabaya jekeseni yoti pachite dzanzi, ankadula kachidutswa ka golovesi n'kukaveka pa dzinolo kuti likhale lokha, malovu asalowemo ndipo mankhwala asapsereze mkamwa. Kenako ankabowola kabowo kosaposa kambewu ka mapira. Anandifotokozera kuti mkati mwa dzino muli kanjira kotsikira ku muzu, momwe mumagona mtsempha. Mtsemphawo ukafa umaola, ndipo ndi zoolazo zimene zimamugoneka munthu pansi, osati kachilombo. Ankalowetsamo tizitsulo tonga singano, tating'ono ngati tsitsi, n'kumakokamo zoolazo pang'onopang'ono. Koma ntchito yeniyeni, mwa kunena kwawo, inali ya madzi. Ankasungunula kolorini pa muyezo wake, n'kumufunditsa poimika sirinji m'kapu ya madzi otentha, kenako n'kumathira m'kabowomo dontho ndi dontho. Akathira ankavundula ndi kandodo kang'onong'ono, kukweza n'kutsitsa, n'kudikira, n'kupopa, n'kuthiranso. Wodwala ankatopa kuyasamula, ine ndinkatopa kuyang'ana, iwo ali phee pa ntchito.

Ndinawafunsa kuti bwanji osangobowola pakulu kuti muzionamo bwino, muthe msanga. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati chigubu cha kukamwa kung'ono sitichidula pakati pofuna kuchitsuka, timathiramo madzi n'kugwedeza mpaka chiyere. Anati dzino ukalikumba kwambiri limatsala chigoba, ndipo mwini wake akangoluma chimanga chokazinga limasweka, ndiye wamuvutitsiranji. Chilichonse chimene chitsulo chadya pa dzino sichimeranso. Akamaliza kutsuka ankaikamo mankhwala oyera, n'kutseka ndi kasimenti kongoyembekezera, n'kumuuza munthu kuti abwerenso adzatsukenso ndi kumata kwenikweni.

Pamenepo ndiye panali nkhondo yawo ya tsiku ndi tsiku. Ululu umatha tsiku loyamba lomwelo, ndipo munthu wa kuno ululu ukatha wachira. Abwererenji, thonje likudikira kutola? A Zuze sankadikira kuti anthu akumbuke, ankawatsatira. Ndinawaonapo pa msika wa thonje pa Ngabu atamugwira dzanja bambo wina wamkulu ndithu, pamzere, pamaso pa anzake. "Tsegulani pakamwa. Ndinakuuzani chiyani ine?" Bamboyo anatsegula, angatani. Anthu anafa ndi phwete, koma Lolemba lake anapezeka pa chipatala.

Ndi akuluakulu a pachipatala nawonso sankamwerana madzi. Ndipo pano ndinene chilungamo, akuluakuluwo anali ndi mfundo. Mzere wa odwala mano unkafika pa mtengo wa nimu panja, ndipo nthawi imene a Zuze ankatsuka dzino limodzi, wina akanazula anthu ambirimbiri n'kuwatumiza kwawo. Anawauza mwaulemu, anawauza mokalipa. Iwo anangoyamba kufika anzawo asanafike n'kumaweruka anzawo ataweruka, koma kachitidwe sanasinthe. Ankati mzere ukafupika chifukwa anthu atha mano, kumeneko si kuchiza. Mapeto ake anawachotsa m'chipinda chachikulu n'kuwapatsa kachipinda ka kumapeto kwa khonde, poganiza kuti atopa. Anakokera mpando wawo kumeneko n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Nkhani ya a Tomasi inayamba ndi mphondo, ndodo yaitali ija timakankhira mwadiya, bwato lathu la kuno. Amuna anga ndi asodzi a ku dambo la Ndindi. Tsiku lina mphondo inaterereka m'matope n'kuwamenya pakamwa. Dzino lakutsogolo lam'mwamba silinagwe, koma pakupita kwa miyezi linayamba kuda, kenako kuwawa. Kwa msodzi dzino limenelo si lokongoletsa pakamwa. Posoka ukonde manja onse amakhala otanganidwa, ndiye ulusi amaugwira ndi kuudula ndi mano akutsogolo. Linzake loyandikana nalo linali litapita kalekale, moti lokumana bwino ndi apansi linatsala lomwelo.

Anapita kwa akulu awo. "Achimwene, lichotseni ili, sindikugona."

"Ndikalichotsa, ukonde uzisoka ndi chiyani? Ndi mphuno?"

Anawabowola cha kuseri kwa dzino, anatsuka, anaika mankhwala n'kutseka. "Sabata yamawa ubwere," anatero. "Kasimenti aka n'kongoyembekezera, sikokhalitsa. Wandimva?"

Anamva ndi khutu limodzi. Ululu unali utatha, makakana anali atachuluka ku dambo, ndipo amuna anga anapita kukagona ku zilumba ndi anzawo masabata angapo. Kumeneko kasimenti kaja kanagwa. Msodzi akaona chibowo amadziwa chinthu chimodzi chokha. Anatapa phula limene amamatira mwadiya, analiumba kampira, n'kulikanikiza m'dzinomo pamwamba pa zonse zimene zinali zitalowamo kale.

Anzawo anabwera nawo kumudzi kwa Ndamera atawanyamula. Mlomo wam'mwamba unali utatupa mpaka kufika pamphuno, diso limodzi litatsekeka, thupi likutentha. Ndinachita mantha, sindikubisa. Ndinkaona kuti ndikhala wamasiye. Nditawerama kuti ndiwamwetse madzi ndinamva fungo, ndipo ndinadziwa pompo. Mkamwa munkanunkha mwadiya.

A Luwiza, mlongo wawo wamkulu wa onse awiri, anaitanitsa achibale. "Munthu wanzeru amatulutsa kachilombo," anatero. "Zuze wakatsekera mkati mwa mng'ono wake." Wina anakumbutsa za dimba limene bambo awo anasiya m'mphepete mwa mtsinje, kuti mwina wina akulifuna yekha. Mawu oti ufiti palibe anawatchula, koma aliyense anawamva.

A Zuze anafika dzuwa lili paliwombo, pa kabaza, chikwama chili pamwendo. Pabwalo panali patadzaza. Sanapereke moni wautali. Anapempha madzi ndi sopo, anasamba m'manja, n'kugwada pa mphasa pamene panagona mng'ono wawo. Anawagwiragwira pansi pa chibwano, anawapatsa madzi kuti aone ngati akumeza, anamvetsera kapumidwe.

"Zula pompano, tonse tikuona," anatero a Luwiza. "Dzinolo tikulifuna m'manja."

"Alongo, kutupaku kukayamba kutsikira kukhosi ndizula ndekha musanandiuze, moyo ndi waukulu kuposa dzino. Koma lero nkhabe, sindizula."

"Ukukana pamaso pa abale ako onse?"

"Ndikukana."

Anatulutsa kachitsulo n'kuyamba kutokosa kuseri kwa dzino lija. Panatuluka kanthu kakuda bii, ndipo pambuyo pake panatsatira mafinya, onunkha moti amene anayandikira anabwerera m'mbuyo. A Tomasi anapuma mpweya wautali, nkhope n'kumasuka pang'ono tikuona. A Zuze anakanunkhiza kanthu kaja, n'kuyang'ana mng'ono wawo.

"Tomasi, ichi n'chiyani?"

Amuna anga anayang'ana gulu lonse lija ndi diso lawo limodzi, anayang'ana a Luwiza, n'kunena kuti, "Sindikudziwa, achimwene. Amene munaikamo zinthu ndinu."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza. "Limenelo ndi phula la mwadiya," ndinatero. "Amene ali ndi mphuno abwere anunkhize."

"Inu ndinu obwera," anandidula a Luwiza. "Za pakhomo pano zisiyeni."

Ndinayang'ana alamu kuti alankhule. Umboni unali m'manja mwawo. Munthu amene ankakangana ndi akuluakulu a chipatala, amene ankagwira anthu pa msika, tsiku limenelo anakulunga kanthu kaja m'thonje n'kukaponya pa moto wa pamafuwa. Anaimirira n'kuloza maukonde a amuna anga amene anayanikidwa pa mpanda. "Wakabaza, mangani awa kumbuyo. Mwini wake akawafuna akawapeza kwanga. Dzino likatha, maukonde abwerera."

Madzulo omwewo tinawapititsa a Tomasi ku chipatala. Anawabaya majekeseni, kutupa kunayamba kuphwa, ndipo atatuluka anakhala kunyumba kwa akulu awo ngati wandende, maukonde atakhomeredwa m'chipinda. Anatsukidwa dzino lija kangapo konse, mpaka kathonje kolowa m'kabowo kanayamba kutuluka kouma, kopanda fungo. Pamenepo ndi pamene a Zuze anadzaza kanjira konse mpaka ku muzu n'kumata kwenikweni, n'kutsegula chipinda chija.

Masiku amenewo ndinawatsata alamu kuseri kwa nyumba, ndili ndi ukali wanga wonse. Ndinawafunsa kuti mwangokhala chete bwanji, anthu akukuyesani mfiti. Anali akutsuka njinga, ndipo sanadzutse mutu. Anati mng'ono wawo amamudziwa kuyambira ali kumsana: ukamuchititsa manyazi pamaso pa mudzi, sadzapondanso pakhomo pako, ndipo dzinolo likanatsala lotsegula mpaka kumupha kapena kuzulidwa. Anati pa zinthu ziwirizo, dzina lawo ndi dzino la Tomasi, chimene akanatha kuchikonza ndi manja awo chinali dzino. Ndinawauza kuti ndi zopusa. Anati ndibwerere kokagulitsa nsomba.

Dzina lawo silinayere. A Luwiza anapita kumanda akunenabe kuti Tomasi anachira ndi mapemphero, ndipo kanthu kakuda kaja a Zuze anakawotcha dala kuti kasaoneke. Anthu a kumudzi kwathu dzino likawawa ankalambalala kachipinda kaja. Pa maliro a kumudzi, a Zuze akakhala pa benchi, pambali pawo pankachedwa kudzaza. Kodi mukuganiza kuti anafewa? Ena anawalangiza kuti asiye mbali yawo ya dimba lija kuti milomo itsekeke. Iwo chaka chimenecho ndiye anabzala mbatata mpaka m'malire, ndipo ankabwera okha kudzakumba, atavala malaya oyera a kuntchito kuti aliyense awaone.

Ndi a Tomasi sanadane, komanso sanabwererane. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma awiriwa chawo chinangouma. Akakumana ankapatsana moni ngati anthu oyandikana minda. Kenako a Zuze ankati, "Seka tione." Amuna anga ankakweza mlomo, iwo ankayang'ana dzino lija, kuligogoda ndi chikhadabo, n'kugwedeza mutu, basi nkhani yatha. Zaka zonsezi maukonde a pakhomo panga asokedwa ndi dzino limenelo, ana anga akula ndi nsomba zake. Ndinawauza amuna anga kosawerengeka kuti pitani mukanene mawu amodzi okha. Ankangoti zakale zimenezo, mukuzifukuliranji. Ngakhale pamene alamu anapuma pa ntchito, ngakhale pamene anagona pa mphasa miyendo itatupa, a Tomasi ankapita kukawaona, kukhala, kuyang'ana pansi, n'kubwerako. Pa maliro anakumba nawo manda, koma pakamwa sanatsegule.

Mwezi wathawu kasimenti ka kuseri kwa dzino lija kanabenthuka. Ndinawaperekeza ku chipatala chomwe chija. Dokotala wa mano amene alipo tsopano ndi munthu waulemu, ndipo ali yekhayekha ndi mzere wonse uja. Anayang'ana bwinobwino, n'kufunsa kuti anagwira dzino ili ndani, chifukwa anasiya khoma lonse lilipo. Kenako analankhula mosabisa.

"Bambo, kuti likhale bwino lifunika kutsegula, kutsukanso mkati n'kumatanso. Zipangizo zake pano palibe, mpaka ku Blantyre. Chimene ndingathe lero ndi kulichotsa, lisanakutupitseni."

Anatembenuka kuti atenge jekeseni. Amuna anga, omwe aja anapita kukapempha okha kuti lichotsedwe, anatseka pakamwa n'kutsika pa mpando.

"Nkhabe," anatero. "Ili silituluka."

"Bambo, likadzatupa mudzavutika."

"Ndamva. Ku Blantyreko ndipita. Takhuta," anathokoza mwa chilankhulo chathu cha kuno.

Amuna anga sanalowere ku chipata. Anatsata khonde mpaka kumapeto, ine ndili pambuyo. Chitseko cha kachipinda kaja n'chomanga ndi waya, ndipo anamasula okha. Muli zikolopa, ndowa zobooka, ndi bedi lothyoka mwendo loimikidwa kukhoma. Pa alumali pamene pankakhala timabotolo mavu amangapo zisa. Mpando unachotsedwa, koma pansi pakuoneka dzimbiri lozungulira pamene unakhala zaka zonse zija, moyang'ana zenera, ndipo dzuwa la m'mawa limagwera pomwepo, pa simenti yopanda kanthu. A Tomasi anavula chipewa. Anaima pakhomo nthawi yaitali, lilime likuyendayenda kuseri kwa dzino.

"Achimwene," anatero chapansipansi, "phula lija ndinaika ndine."

M'chipindamo munalibe wowauza kuti seka tione. Munali fumbi, mavu, ndi ndowa zija.